Nditatsika makilogalamu 44 ndinabwerera pachishalo: ndemanga ya maphunziro 8 okwera hatchi cha ku Kyalami

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5 kwa eni khola lophunzitsa kukwera hatchi cha ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Imodzi ndawamanayo ndi chifukwa cha sikelo, zipewa zobwereka ndi mauthenga obwera mochedwa, ndipo zonsezi ndizifotokoza.

Ndiyambe ndanena komwe ndachokera, kuti mumvetse chifukwa chomwe bambo wa zaka 43 akulipirira ndalama kuti aphunzitsidwe ntchito yomwe kale inkamudyetsa. Ndinafika kuno ku Joni mu 2010, ndipo ntchito yoyamba yomwe achimwene anga a kwathu ku Zomba anandipezera inali ya m'khola la mahatchi kumpoto kwa Johannesburg. Amalawi ambiri tinalowera khomo lomweli. Kuwola ndowe mbandakucha, kupesa, kutokosa timiyala m'ziboda, kugawa udzu wa teff ndi lucerne. Chaka chachiwiri abwana ataona kuti sindine wamantha, anayamba kundikweza kuti ndiziwongola miyendo mahatchi omwe eni ake ankangobwera Loweruka lokha. Masiku amenewo ndinali wa makilogalamu 70, bango lenileni. Madzulo tikamaphika nsima kuseri kwa khola tinkakonda kukamba za Enos Mafokate, yemwe nayenso anayamba ndi kusamala mahatchi a anthu ena koma anafika popikisana pa masewero odumphitsa hatchi, mpaka anatsegula sukulu yake ku Soweto mu 2007. Aliyense wa ife ankadziona ngati iyeyo.

Mu 2016 ndinapeza laisensi ya Code 10 n'kuyamba kuyendetsa lole yoperekera katundu. Tsiku lonse pampando, kota (buledi woikamo tchipisi) m'dzanja, magwinya (mandasi a kuno) m'mawa, chibotolo cha malita awiri pambali pa giya. Kumudzi akaona zithunzi ankati Joni yandiyanja. Pofika 2022 sikelo ya kukiliniki inawerenga 131, shuga ndi BP zili m'mwamba. Zaka ziwiri ndi theka zotsatira zinali za mtanda umodzi wa nsima, ndiwo zamasamba zambiri, ndi kuyenda wapansi m'mawa uliwonse kufupi ndi bwalo la mijaha ya mahatchi la Turffontein, komwe timakhala. Fungo la khola likandipeza pamsewu, mtima unkachita kuwawa. Nditafika pa 87 ena kutchalitchi anayamba kufunsa mayi a kunyumba chamseri ngati ndili bwino. Mukudziwa kale zomwe timaganiza Amalawife munthu akaonda.

Khola lomwe ndinasankha lili m'mapuloti a cha ku Kyalami. Ndinalipira R3,200 pa maphunziro 8 a mphindi 45 lililonse, anayi ndili ndekha ndi mphunzitsi, anayi pagulu. Nditaimba foni, funso lachiwiri pambuyo pa dzina linali la kulemera kwanga, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti malire awo ndi makilogalamu 90 munthu atavala zonse, nsapato zomwe. Ena zimenezi zimawapweteka, koma ine ndinagwirizana nazo. Anthu a mahatchi ambiri amati wokwera pamodzi ndi chishalo asapose 20 peresenti ya kulemera kwa hatchiyo, kutanthauza kuti hatchi ya makilogalamu 500 isasenze oposa 100, ndipo ena amatsitsa kuposa pamenepo. Ndinapesako misana ya mahatchi omwe ankasenza anthu olemera pa zishalo zosakwana bwino. Pamakhala mabala, kenako pamamera ubweya woyera womwe suchokanso, ndipo hatchiyo ikangoona chishalo imakhotetsa makutu kumbuyo. Khola lomwe silifunsa za makilogalamu ndilo loyenera kuliopa.

Chomwe sindinakonde ndi malo omwe sikeloyo ili. Aiika pakhomo penipeni pa ofesi, pomwe makolo amakhala podikira ana awo, ndipo mtsikana wa muofesi amawerenga nambala mokweza kuti mnzake alembe. Ine ndinakwera ndi 88.6, ndinapulumuka. Koma bambo wina yemwe anali patsogolo panga anaposa, ndipo anabwerera kugalimoto yake anthu onse akumuyang'ana. Zaka zitatu zapitazo akanakhala ine. Munthu amene walimbana ndi thupi lake kwa zaka amakhala ndi chilonda pankhani ya sikelo, ndipo kuisunthira kuseri kwa chitseko sikungawadyere ngakhale senti.

Tsiku loyamba ndinapita ndi matama. Ndinauza mphunzitsi, mayi wachikulire wa mawu ochepa, kuti ndinakwerapo zaka zisanu. Anangogwedeza mutu n'kundipatsa hatchi yofula ya mtundu wa Boerperd, yokalamba ndithu, yomwe anyamata a m'khola amaitcha Agogo. Ndinafuna kukwera kuchokera pansi monga kale, iwo anakana, akuti ndikwerere pa chipika. Chifukwa chake ndinkachidziwa, kukwera kuchokera pansi kumakokera chishalo mbali imodzi n'kupotoza msana wa hatchi, koma ndinkaona ngati chipika n'cha ana ndi agogo aakazi. Kenako anamangirira hatchiyo ku chingwe chachitali, iwo n'kuima pakati pa bwalo, ndipo zingwe zowongolera sanandipatse. Mumtima ndinati R400 yanga yapita pa masewero a ana.

Agogo atangoyamba trot, kuthamanga pang'ono kodumphadumpha, ndinazindikira kuti mayiwa anaona zomwe ine sindinazione. Mutu unkakumbukira zonse, nthawi yonyamuka ndi nthawi yokhala, chidendene pansi, maso kutsogolo. Thupi ndiye linali la mlendo. Kwa zaka zambiri ndinazolowera kuyenda nditapendekera kumbuyo posenza chimimba, ndipo ngakhale mimbayo inapita, msana unali usanamve uthenga. Ndinkatsalira m'mbuyo, hatchi ikupita ine ndikugwera pachishalo ngati thumba la chimanga pa ngolo. Akanandipatsa zingwe ndikanazigwiritsa ntchito ngati chogwirira, ndipo ululu wonse ukanathera m'kamwa mwa Agogo momwe muli kachitsulo. Mphunzitsi anandiuza kuti nditambasule manja, kenako ndiike pamutu, kenako nditseke maso. Mphindi 20 zisanathe malaya anali atanyowa.

Pali zinthu zomwe palibe anandiuzapo za kuonda, ndipo ndikuzilemba poyera chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha. Choyamba ndi mafupa awiri a pansi pa matako, omwe munthu amakhalira. Mafuta atachoka, mafupawo anatsala pamtunda, ndipo chishalo n'cholimba. Usiku woyamba ndinadya nditaimirira, mwana wanga wamkazi akuseka. China ndi khungu. Munthu ukatsika makilogalamu opitirira 40 khungu silibwerera lonse, limalendewera m'ntchafu ndi pamimba. Pansi silivuta kwenikweni, koma pachishalo limapindika pakati pa mwendo ndi chikopa, ndipo jinzi yomwe ndinavala ili ndi msoko wokhuthala mkati mwa mwendo. Ndinabwerera ndi ntchafu zonyuka ngati ndapsa ndi phala. Ndiye pali nyama ya mphamvu. Poonda sumataya mafuta okha, minofu nayo imaphwa, ndipo kuyenda wapansi sikulimbitsa mkati mwa ntchafu kapena m'chiuno, momwe wokwera hatchi amadalira. Lolemba kuponda kilatchi ya lole kunali nkhondo.

Pamenepa ndi pomwe ndinaona ubwino wa khola limeneli, ndipo ulemu wambiri upite kwa mnyamata wina wa ku Nkhata Bay yemwe amasamala Agogo. Anandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa pomanga lamba wa pamimba pa hatchi, nkhani n'kuyambika. Loweruka lachiwiri ataona momwe ndinkayendera anati, "Akulu, jinzi isiyeni kunyumba. Gulani kabudula wothina wa anthu apanjinga, muzivala mkati, amagwira khungu malo amodzi." Anandibwerekanso chikopa cha nkhosa choyala pachishalo. Kabudulayo ndinamugula wotchipa m'tauni ndipo vuto la kunyuka linathera pomwepo. Mphunzitsi naye ataona kuti ndikuterereka pa chishalo cha mainchesi 18 chomwe a muofesi anandilembera poona msinkhu wanga, anasintha n'kundipatsa cha 17 ndi theka, atayamba wayesa ngati chikumukwana Agogo. Ndinali ndikudziwerengerabe m'gulu la anthu a matako aakulu, ndipo sindikanapempha ndekha. Safunsa anadya phula, koma nanga ufunsa bwanji chinthu chomwe sukudziwa kuti chasintha?

Anasamalanso za shuga. Pa fomu yomwe umasaina yovomera kuti ukavulala ndi zako, pali malo olembapo matenda, ndipo ndinkaganiza kuti palibe amawerenga. Pa phunziro lachitatu manja anayamba kunjenjemera, ndinali nditamwa mankhwala koma chakudya cham'mawa ndinangolawa. Ndisanalankhule, mphunzitsi anaimitsa hatchi, kunditsitsa, n'kutuma mwana kukatenga juwisi. Mphindi zomwe zinatayika anandibwezera kumapeto. Kuyambira pamenepo sindikwera wopanda maswiti m'thumba, ndipo mafunso a mankhwala ndinapita nawo kukiliniki.

Za zovala zina: nsapato zanga za kuntchito zachitsulo kutsogolo anazikana chifukwa n'zazikulu mphuno ndipo zikhoza kukanirira mu chopondera cha pachishalo munthu akagwa. Amafuna nsapato ya chidendene chaching'ono, yosalala pansi. Apa ananena zoona. Koma anthu osamala choncho pa nsapato, zipewa zawo zobwereka n'zomvetsa chisoni. Zili m'bokosi limodzi, zina zomangira zake zinatha, m'kati mukununkha thukuta la anthu ambirimbiri. Chipewa chotere chikamenyedwa pansi kamodzi mwamphamvu chimayenera kutayidwa ngakhale kunja chikuoneka chabwino, chifukwa chomwe chimateteza ndi cham'kati. Nditafunsa kuti ndi ziti zinagwapo, palibe anandiyankha zomveka. Pa phunziro lachinayi ndinabwera ndi changa.

Dandaulo lomaliza ndi la nthawi. Ndinayamba mu February, nyengo yomwe mvula ya ziphaliwali imagwa masana kuno. Kuimitsa phunziro chifukwa cha mphenzi n'kwanzeru, palibe angatsutse. Koma kawiri uthenga wa pa WhatsApp unandipeza ndili kale pa msewu waukulu wa N1, ndikukhotera ku Allandale, mtambo utayamba kuda kalekale. Kuchokera ku Turffontein ndi ulendo ndithu, ndipo petulo sabweza. Maphunzirowo anandisunthira masiku ena osalipiritsanso. Amene mumagwira ntchito mpaka madzulo dziwaninso kuti nyengo imeneyi salola kukwera dzuwa likamalowa. Mahatchi amawapopera mankhwala n'kuwalowetsa m'khola msanga poopa African horse sickness, matenda omwe amafala ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'mamawa, ndipo amapha hatchi m'masiku ochepa. Kwa amene mudzadalire galimoto za anthu onse, teksi (maminibasi a kuno) sizilowa m'mapulotimo, ndiye mukatsika sitima ya Gautrain pa Midrand muwerengere ndalama ina ya Bolt kapena Uber.

Maphunziro apagulu sanandisangalatse ngati oyamba aja. Tinali asanu, atatu mwa iwo ana a sukulu, ndipo nthawi yambiri inkathera podikirana. Munthu wamkulu amene akubwerera ndi thupi losintha, ndi bwino awonjezere ndalama n'kutenga onse 8 ali yekha.

Canter, liwiro loposa trot, anandiloleza pa phunziro la 7. Ndinali nditapempha kuyambira lachitatu, iwo akungoti ayi, mpaka tsiku lomwe ndinazungulira bwalo kawiri pa trot mapazi ali kunja kwa zopondera osagwira chishalo. Agogo ananyamuka mofatsa ngati akudziwa kuti asenza munthu wongochira kumene. Sitinathe ngakhale theka la bwalo, koma kwa kanthawi kameneko chiuno chinayenda chokha, osachilamula, ngati mu 2013. Nditatsika, mnyamata wa ku Nkhata Bay uja anandilandira zingwe n'kunena kuti, "Lero ndiye mwakwera, akulu. Masiku onsewa munkangonyamulidwa." Ndinamupempha burashi, Agogo ndinawapesa ndekha mpaka kumchira.

Ndalipiranso maphunziro ena anayi, onse ndili ndekha. Mayi a kunyumba akuti ndalama za mahatchi zikanagula malata kumudzi, ndipo sakunama, komabe Loweruka amandilongedzera okha maswiti ndi kabudula uja. Za sikelo ndinawauza a muofesi kawiri, kachiwiri ndinachita kulemba. Loweruka lapitali ndinaipeza ikadali pakhomo pomwepo, pafupi ndi mbale ya madzi a galu.