Chisa cha acrylic kapena cha pulasitala: chomwe chinandiphera mphutsi za Odontomachus

Chiyambireni kuika zithunzi za nyerere zanga, anthu akhala akundifunsa funso limodzimodzi: ndigule chisa chotani? Ndiyankha pano kamodzi, koma dziwiranitu kuti ndikunena za nyerere zosaka, makamaka Odontomachus, zija zimayenda nsagwada zili yasa ngati msampha wa mbewa. Amene mukuweta tinyerere ta shuga, zina mwa izi sizikukhudzani.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka. Mfumukazi yanga yoyamba ndinaitola pakhonde usiku, pansi pa babu, mvula yoyamba itangogwa. Inali itathothola kale mapiko. Ndinaisunga bwino mpaka inabereka antchito asanu ndi awiri, ndipo mtima unayamba kufuna nyumba yooneka bwino. Ndinaitanitsa chisa cha acrylic pa intaneti kuchokera kunja, chija cha pulasitiki woonekera mbali zonse, chokhala ndi tizipinda todulidwa mwaluso ndi kabowo kothirira madzi. Pa chithunzi mtengo unali wabwino. Pofika m'manja mwanga, ndalama yotumizira ndi msonkho zinali zitaposa mtengo wa chisacho. Ndinapirira, ndimvekere bola nyerere zisangalale.

Milungu iwiri yoyamba zonse zinkaoneka bwino. Ndikaponya chiswe, wantchito ankachiyandikira pang'onopang'ono, tiubweya ta m'kati mwa nsagwada tikangochikhudza, khapu! Kenako mbola. Ankachikokera m'kati n'kuchiika pamimba pa mphutsi, mphutsiyo n'kulowetsa mutu kumadya yokha. Mphutsi zinanenepa, zina zinafika pa msinkhu woti zipote zikwa. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Ndinkaona mphutsi ikugwedeza mutu uku ndi uku, ikutulutsa ulusi woyera, koma ulusiwo unkangomatirira pa pulasitiki ngati kangaude wophwasuka. Chikwa osaumbika. Mawa lake mphutsi ija yasanduka yachikasu, tsiku linalo antchito aitaya kudzala kapena aidya. Zinapita motero mphutsi zisanu ndi zinayi, ine ndikuyang'ana pa galasi m'mawa ndi madzulo, osadziwa cholakwa.

Ndinachepetsa madzi, ndinawonjezera madzi, ndinasintha chakudya. Ayi ndithu. Chimene wogulitsa sanalembe paliponse n'chakuti mphutsi za nyerere za mtundu uwu zimafuna pogwira kuti zipote chikwa. Kutchire, antchito amazikwirira ndi timchenga ndi tizinyalala, mphutsi n'kumangirira ulusi wake pa timchengato mpaka chikwa chitazungulira thupi lonse. Akamaliza amazifukula n'kuzipukuta. Pa acrylic wosalala ngati mbale palibe chokwirira nacho. Supuni imodzi ya mchenga ikanapulumutsa ana onsewo, ndipo amene amagulitsa chisa n'kulemba kuti n'choyenera nyerere za mtundu uliwonse amayenera kudziwa zimenezi. Mpaka lero sindinamukhululukire.

Vuto lachiwiri la acrylic ndi chinyontho. Pulasitiki samwa madzi. Kasiponji kake kamauma msanga m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo ukathira ambiri, madontho amadzaza pa chivundikiro mpaka mazira kumira. Odontomachus imakhala m'nthaka yonyowa, pansi pa masamba owola ndi zipika, ndiye kuuma kwa tsiku limodzi kumaisautsa. Komanso mapazi ake sagwira bwino posalala. Umaiona ikuterereka itanyamula mphutsi. Chabwino chimodzi chimene sindingakane: m'chisa cha acrylic umaona chilichonse, ndipo chimatsukika mosavuta.

Zisa za gel, zija zabuluu zogulitsidwa ngati zidole za ana, musataye nazo ndalama. Nyerere yodya nyama ikalowetsamo mwendo wa chiwala, chuku chimagwira gel yense.

Test tube, chubu chagalasi chotseka mbali imodzi, ndiye poyambira pa aliyense: madzi kumapeto, thonje lotsekera madziwo, mfumukazi, thonje lina kukamwa. Ndi yotchipa ndipo imapezeka m'masitolo a zipangizo za labotale. Koma kumbukirani kuti mfumukazi ya Odontomachus si ija mungaitsekere n'kuiwala mpaka ana atabadwa. Imatuluka kukasaka yokha pamene ikulera ana oyamba, choncho chubucho chigonekeni chotsegula m'kabokosi, muthiremo mchenga pang'ono, muziika chiswe chimodzi kapena tintchentche ta pa nthochi yakupsa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Banja likakula, malo amachepa.

Ytong, njerwa yoyera yopepuka ija inayambira ku Sweden mu 1929, oweta nyerere a ku Ulaya amaikonda kwambiri. Imasemeka ndi screwdriver, imamwa madzi, ndi yokhakhala, imakhalitsa. Ndikanakhala ndikuipeza pafupi mwina ndikanaiika patsogolo. Kuitanitsa njerwa pa ndege n'kubwerera ku bala lomwe lija la ndalama yotumizira.

Ndiye ndatsala ndi pulasitala, plaster of Paris ya m'mahadiweya, yomwe amisiri amakonzera siling'i. Ndinatenga galasi, ndinaumbapo tizipinda ndi dongo, ndinazunguliza timatabwa, n'kuthira pulasitala wosakaniza ndi mchenga wa kumtsinje wosefa. Pasanathe ola anali atalimba. Ndinakolopola dongo lija, ndinasiya chisa chiume masiku angapo, ndinawaza mchenga m'zipinda, n'kubwezera galasi pamwamba ndi kansalu kakuda kophimba. Kumbali ndinasiya kadzenje kothiramo madzi ndi sirinji. Mbali yoyandikana ndi kadzenjeko imakhala yonyowa, mbali inayo youmirako, ndipo nyerere zimasankha zokha: mazira ndi mphutsi konyowa, zikwa koumirako.

Tsiku limene ndinavundukula kansalu n'kuona kamulu ka mchenga kakugwedezeka, mphutsi ikupota m'kati mwake, ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Patatha masiku awiri panali chikwa chabulauni, chosalala ngati njere ya mpunga wosapuntha.

Pulasitala ali ndi zovuta zake ndipo sindibisa. Amada, amachita chuku ngati zotsala za nyama zikhalitsa, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri muyenera kuumba china n'kusamutsa banja. Nyerere zina zimamuboola n'kuthawa, zanga sizinayesepo. Ine ndimachotsa zotsala ndi kopanira tsiku lotsatira, ndipo sindipatsa nyerere mphemvu za m'nyumba yopoperedwa mankhwala. Kadontho ka madzi a shuga kamakhala panja pa chisa, m'bokosi losakiramo. Bokosilo likhale ndi chivundikiro. Nsagwada zimenezi si zamasewera: mu 2006 Sheila Patek ndi anzake anayeza za Odontomachus bauri wa ku Costa Rica n'kupeza kuti zimatseka pa liwiro lofika mamita 64 pa sekondi, ndipo nyerereyo ikamenya pansi imadziponya m'mwamba. Yanga ina inatulukapo motero ndikutsuka bokosi, ndipo mbola yake pa chala ndinaimva mpaka madzulo.

Amene mumafunsa za linthumbu, chonde lisiyeni kutchire. Banja limodzi limakhala ndi nyerere mamiliyoni, limasamukasamuka, ndipo mfumukazi yake ilibe mapiko, simudzaitola pakhonde. Chimodzimodzi Megaponera, zakuda zikuluzikulu zoyenda pamzere kukathira nkhondo chiswe, zija zimanyamula anzawo ovulala kubwerera nawo kuchisa. Zimadya chiswe chokhachokha, ndipo palibe bokosi la m'nyumba lokwana ulendo wawo.

Kwa Odontomachus, yambani ndi test tube yokhala ndi mchenga, antchito akafika khumi ndi asanu kapena kuposerapo muumbe cha pulasitala. Cha acrylic chija chili m'kabati. Mnzanga wina anandipempha kuti ndimugulitse, ndinakana, chifukwa nayenso akuweta zomwezi.