Mbaula ya gasi ya Cadac kwa amene nyumba yawo ndi galimoto

Abale amene ntchito inatha muno mu Johannesburg ndipo mukugona m'galimoto, kugula chakudya chophikaphika kumadya ndalama msanga. Silinda ya gasi ya kampani ya Cadac ya makilogalamu 3, yokhala ndi mutu wophikira womangirira pamwamba, imathandizadi. Gasi akatha mumakadzazitsa m'masitolo a zipangizo kapena kumalo ena omwetsera mafuta, pomwe timabotolo ta gasi ta magalamu 220 ta mbaula zina mumataya n'kugulanso. Timabotoloti timafookanso m'mawa wa Juni ndi Julayi, chifukwa gasi wa butane amene amakhalamo satuluka bwino kukazizira kwambiri.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho madzi amawira asanatenthe ngati kunyanja. Nsima sivuta, koma nyemba zimachedwa kupsa n'kumaliza gasi. Zinyikeni m'madzi usiku wonse ndipo muzivundikira poto.

Chomwe chimawonongeka kawirikawiri ndi kamphira kotseka pamene mutu ukumana ndi silinda. Pakanipo madzi a sopo; mukaona thovu likufufuma, gasi akutuluka, sinthani kamphirako. Moto ukakhala wachikasu n'kumadetsa poto, kabowo ka gasi katsekeka ndi fumbi. Vuto lina n'lakuti poto amakhala pamwamba ndipo sachedwa kugubuduka, ndiye ikani silinda pansi posalala.

Chonde, musaphikire kapena kuwothera moto m'galimoto yotseka. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene umachokera ku motowo, sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Phikirani panja, ndipo silinda muziisunga itaimirira, kutali ndi dzuwa.