A kochi ndi katswiri, koma a pa desiki anandiwawitsa mtima: nyenyezi 3

Ndadikira masabata atatu kuti mtima uyambe watsika ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba Loweruka lomwelo bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi basi ndipo ndikanalakwira munthu amene sanandilakwire. Ndikunena za maphunziro a tsiku limodzi aja a air pistol (mfuti ya mpweya yoombera ndi dzanja limodzi) ya mamita 10, amene amachitikira pa range (malo oomberapo) ina kum'mawa kwa Joni, a R1,500 aja. Amene mumaombera kuno poster yake munaiona kale pa WhatsApp.

Ine masewerawa ndinayamba 2024 nditaona chithunzi cha bambo a ku Turkey aja, a Yusuf Dikeç, atapisa dzanja m'thumba pa ma Olympics a ku Paris n'kutenga siliva, ndinati kodi zimenezi munthu wamba angaphunzire? Poti mfuti za mpweya za 4.5 mm kuno sizifuna layisensi, ndinalowa kalabu, chaka chatha n'kugula yanga ya second hand. Vuto langa linali limodzi, pa practice ndimafika 535 pa 600 koma tsiku la mpikisano ndimagwera ku 510, mwina 512, nthawi zonse. Ndiye ndalama imeneyi ndinaitulutsa kuti wina andiuze chikulakwika n'chani.

Ndiyambe ndi zondinyansa poti ndi zimene zinandilandira. Poster inanena poyera kuti mtengowo ndi wa zonse, mpweya, mapeleti (tizipolopolo take) ndi makadi oomberapo. Ndinalipira kudakali mwezi wathunthu, risiti ndinatumiza, anandiyankha kuti zatheka. Kutatsala masiku awiri akusintha tsiku, osaimba foni, kungoponya kameseji pa gulu usiku, pamene ine shifiti ndinali nditasinthana kale ndi mnzanga, ndinachita kupitanso kwa supavaiza kukapempha ngati mwana. Chabwino, tsiku latsopanolo ndadzuka 4 koloko, ma taxi awiri, kufika 7 koloko, mnyamata wa pa desiki akuti dzina langa palibe. Ndikumuonetsa risiti pa foni iye osayang'ana n'komwe, akuthandiza anthu amene abwera pambuyo panga, ine chiimire ndi chikwama changa mphindi 40. Atalipeza dzinalo, loti analilemba molakwika okha, panalibe ndi pepani yemwe. Kenako akuti kudzaza silinda ya mpweya ya mfutiyo ndi R50 yapadera. Ndinati achimwene, werengani poster yanu yomwe, iye akuti imeneyo ndi yakale. Yakale bwanji poti ndi imene munanditumizira? Ndinalipira chifukwa popanda mpweya mfuti ndi chitsulo chabe, koma R50 imeneyo mpaka lero imandiwawa kuposa R1,500 ija. Chimodzi chokha chimene sindingamudandaule, anayang'ana deti la pa silinda, ndipo ndi zoona kuti malamulo a ISSF, bungwe la masewera oombera padziko lonse, salola silinda yopitirira zaka 10, pamenepo anagwira ntchito yake.

Ndiye ndinalowa mkati nditakwiya kale. Tinalipo 8. A kochi ndi bambo achikulire, osayankhula zambiri, anangotiuza kuti aliyense atembenuze khadi lake, tiziombera kumbuyo kwake koyera kopanda bwalo lakuda lija. Ola loyamba lonse pepala loyera. Ola lachiwiri pepala loyera. Mumtima ndinati eee ndalama yanga yapita, pepala loyera ndikanaombera ku kalabu kwathu ulele. Ndinafika powafunsa mwaukali ndithu kuti bambo, tiyamba liti zimene talipirira? Iwo sanakwiye, anangotenga khadi langa loyeralo n'kuliika pambali pa khadi la mpikisano limene ndinabwera nalo, abale, mabowo a pa loyera anali ataunjikana pamodzi kuposa a pa lakuda. Popanda chandamale ndimaombera bwino kuposa pamene chandamale chilipo. Anati diso lako likaona chakuda limathawa pa sight yakutsogolo, kachitsulo kolozera ka pa mlomo wa mfuti kaja, n'kupita kukasuzumira ku 10, bwalo lapakati penipeni, ndipo anatiwerengera masamu ake, kuti sight ikapotoka milimita imodzi yokha kuno, kumene kuja pa mamita 10 peleti yapatuka pafupifupi masentimita atatu, pamene bwalo la 10 lonse ndi mamilimita 11.5 basi. Ndiye kuti 10 wasanduka 7 chifukwa cha kanthu kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Apa mkwiyo unayamba kuchepa koma sindinafune kuonetsa.

Chachiwiri anachita ndi aliyense payekhapayekha. Amatenga mfuti yako, iwe watembenuka, iwo n'kuika peleti kapena kuika pa dry fire, poti trigger imalira koma mulibe peleti, osakuuza, n'kukubwezera. Kachitatu kanga munalibe kanthu, inangoti tcha, ndipo ndinaona ndi maso anga mlomo wa mfuti ukugwera pansi chakumanzere. Chaka chathunthu ndakhala ndikunamizira ma sight, kumapotokola tima screw tija mpikisano uli mkati, pamene ndi chala changa chimene chimakoka mothamanga. Trigger ya air pistol siloledwa kupepuka kuposa magalamu 500, ndiye ukaikoka ngati ukukwatula chinthu dzanja lonse limatsatira. Anandisunthira chala pang'ono pokha kuti chizikankha molunjika kumbuyo, basi, za maimidwe anati zili bwino usazigwire.

Chakudya chamasana chinali sangweji yozizira ndi juwisi, sindinenapo zambiri.

Koma chimene chandipangitsa kulemba ndi chimene chinachitika masana. Anatipititsa mbali ya ma target a magetsi n'kuti tichite fainolo yeniyeni monga amachitira ku ma Olympics, kuombera ka 24, kuyambira pa 12 wotsalira amatuluka, kenako pakatha kawiri kalikonse wina amatuluka, ndipo zikafika zoombera kamodzikamodzi umapatsidwa masekondi 50 okha. Anaika nyimbo mokweza, anaitana anthu amene anali panja kuti adzaombe m'manja ndi kukuwa, a kochi akuwerenga ma score pa maikolofoni aliyense akumva. Ine ndinayamba bwino modabwitsa, 10.1, 9.8, 10.4, zija za m'mawa zikugwira, diso pa sight, chala chikuyenda chokha. Woyamba anatuluka, wachiwiri, wachitatu, ine ndilipobe. Kufika pa 18 tatsala anayi ndipo ndinamva akuti ndili pa nambala 2. Apo mutu unayamba ntchito yake ija. Ndinayamba kuwerengera kuti mayi amene ali kumbuyo kwanga ndawasiya ndi 1.3, ndiye ndikapeza 9.5 kawiri ndadutsa, ndikadutsa ndili m'atatu oyamba, ndikauza anzanga ku kalabu, zonsezi ndikuganiza mfuti ili m'mwamba. Pa 19 ndinapeza 9.2, osati zoipa. Pa 20 ndinakweza dzanja, ndafika pansi pa chakuda paja pamene timaimika sight, koma chala chinakana. Ndikudziuza kuti koka, osakoka. Sight yayamba kuvina, mpweya wandithera, maso ayamba kuona mbuu, phewa likuwotcha, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndikudziwa bwinobwino kuti ndikuyenera kutsitsa koma ndikuopa wotchi, mapeto ake ndinangokwatula. 6.8. Ndinatuluka pa nambala 4. Ndinakhala pa mpando manja akunjenjemera ndipo zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndi zomwezija zimene zimandichitikira mpikisano uliwonse, kungoti ulendo uno zinachitika anthu akuonerera.

Fainolo itatha a kochi anabwera ndi kakope kawo. Ine sindinadziwe kuti nthawi yonseyi anali ndi stopwatch akulemba masekondi a munthu aliyense. Anandionetsa mzere wanga, kuyambira pamene sight yakhazikika mpaka kulira kwa mfuti, 6, 7, 6, 8, 7, choncho mpaka m'munsi, kenako ya 20 ija, 19. Anandifunsa modekha kuti mwana wanga, pa masekondi 19 amenewa unali kuti? Ndinawauza zoona kuti ndimawerengera ma point. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndinali ndi nthawi yokwanira kutsitsa, kupuma kawiri, n'kukwezanso, ndipo kutsitsa mfuti ndi luso limene munthu amachita kuphunzira ngati mmene amaphunzirira kukoka trigger, anthu ambiri salichita practice chifukwa amaliona ngati manyazi. Kenako anatikhazika tonse n'kutikumbutsa za Matthew Emmons wa ku America, katswiri wa rifle. Pa ma Olympics a ku Athens mu 2004, fainolo ya mamita 50 ya maimidwe atatu, akutsogola bwinobwino kutatsala kuombera kamodzi, anaombera chandamale cha mnzake wa pambali, zero, kuchoka pa golide kufika pa nambala 8. Ku Beijing mu 2008 akutsogolanso, komaliza anapeza 4.4 n'kuthera pa nambala 4. Koma munthu yemweyo anabwereranso ku London mu 2012 n'kutenga bronze pa mpikisano womwewo. Nkhaniyi ndinali nditaimvapo, koma kuimva utangoombera 6.8 wekha imalowa mosiyana, misozi inali pafupi ndithu.

Nthawi inali itakwana 4 koloko, anthu akupakira, mnyamata wa pa desiki uja wayamba kale kuzimitsa magetsi ndi kugwedeza makiyi kuti tizipita. A kochi anamuuza kuti adikire. Anandibwezera pa mzere ine ndekha, mapeleti 10, screen anaitembenuza kuti ndisaone, lamulo limodzi lokha, nambala iliyonse ikangobwera m'mutu, kaya 10 kaya 535 kaya R50, tsitsa mfuti uyambirenso. Anatchuladi R50, kusonyeza kuti za m'mawa zija anazimva. Ndinatsitsa ka 6 pa kuombera ka 10 kameneko. Zinatenga pafupifupi theka la ola, iwo chiimire kumbuyo kwanga osayankhula, osayang'ana wotchi. Atatembenuza screen panalibe ndi imodzi yomwe yotsika kuposa 9. Theka la ola limenelo sanandilipiritse, ndipo ndikanena chilungamo ndi limene linabweza ndalama yanga yonse. Bambo amenewa ngati mukuwerenga, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Zimene anandipatsa zopita nazo kunyumba ndi zochepa. Dry fire mphindi 15 tsiku lililonse moyang'ana khoma loyera, mfuti itatsimikizidwa kuti ilibe peleti. Kulemba ndondomeko yanga ya kuombera pa kapepala, kuyambira mapazi, kagwiridwe, mpweya, sight, chala, mpaka kukhalabe pa sight mfuti italira, n'kumaiwerenga ndisanayambe. Ndi kope lolembamo zimene ndachita bwino tsiku limenelo, osati ma score. Poyamba za kopezi ndinaziona ngati za ana a sukulu koma ndikulemba, ndipo ndaona kuti masiku amene ndachokera ku night shift n'kumwa khofi ndi amene chala chimauma, chinthu chimene sindikanachizindikira popanda kulemba.

Sabata yatha kunali mpikisano wa pa kalabu, ka 60 pa mphindi 75 monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza 526. Sikuti ndasanduka katswiri ayi, anthu a pamwamba padziko amaombera ma 580 kupita m'mwamba, ndipo pa series yachisanu (series imodzi ndi kuombera ka 10) mutu unayambanso masamu ake n'kuponya 7 imodzi. Koma ndinatsitsa mfuti ka 11 mu mpikisano umenewo, pamene kale ndimatha mpikisano wonse osatsitsa ngakhale kamodzi, ndipo ndinamaliza nthawi isanathe.

Ndiye nyenyezi zitatu zanga zili motere, a kochi okha ndi 5 mosakayika. Ofesi yawo ndiyo yandichotsetsa ziwiri. Ndinalemba imelo za R50 ija ndi za kusintha tsiku, masabata atatu tsopano palibe yankho, satifiketi anatumiza dzina lolakwika lomwe lija ngakhale ndinawalembera pa pepala ndi dzanja langa. Anthu ena pa gulu akuti nawonso anawalipiritsa mpweya, ndiye si ine ndekha. Komanso anthu 8 kwa kochi mmodzi ndi ambiri, panali mtsikana wina woyamba kumene amene m'mawa wonse anangomuona kawiri, iye sanapindule ngati ine. Ngati simunaomberepo mpikisano ngakhale umodzi dikirani kaye, maphunzirowa amathandiza munthu amene akudziwa kale pamene pamamupweteka.

Amene mukufuna kupita, dzazani silinda ku kalabu kwanu musananyamuke, tengani mapeleti anu, sungani screenshot ya poster ndi risiti, ndipo musasinthane shifiti mpaka kutatsala tsiku limodzi. Ine ndinawafunsa a kochi ngati amaphunzitsa paokha osadutsira pa desiki paja, anati Lachitatu madzulo amapezeka pa kalabu ina chakumpoto, ndapempha kale off ya mwezi wamawa.