Ming'oma ya matabwa ija, patatha chaka

Alamu anga a ku Kasungu akufuna kuyamba ulimi wa njuchi, ndiye akhala akufunsa ngati ming'oma ya matabwa, ija amati Kenya Top Bar, ndi yoti munthu n'kutayirapo ndalama. Ndiyankhire pano kuti ena amve nawo. Yanga ndinagula kwa kalipentala wina wa ku Mzuzu nditagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo ndinaipachika m'nkhalango kumtunda kwa mudzi wathu kuno ku Mzimba.

Zabwino zilipo. Nditapaka phula, njuchi zinalowa zokha. Malata a pamwamba sadontha. Mawaya opachikira ndi olimba, chiuli chinabwera koma chinangokanda n'kubwerera. Komanso tasiya kusenda makungwa a mitengo monga ankachitira malemu bambo.

Koma timatabwa ta pamwamba tija, abale inu! Mng'oma wa mtundu uwu umadalira timeneti. Kathabwa kalikonse kayenera kukhala mamilimita 32 kapena 33 m'lifupi, chifukwa ndi momwe njuchi zathu zimatalikitsira zisa. Muyeso ukakhala bwino, chisa chimodzi chimalendewera pa kathabwa kamodzi, ukanyamula umaona kuti ichi ndi cha uchi, ichi ndi cha ana, n'kubwezera. Kalipentala uja anacheka mongoyerekeza, matabwa akenso a paini wosauma. Atauma, tina tinapindika, tina tinachepa. Njuchi zinangomanga mopingasa, chisa chimodzi kugwira timatabwa titatu.

Pokolola mu Juni, uchi wa maluwa a mitengo ya mchenga, ndikati ndikoke kathabwa chisa chimang'ambika, uchi chuchuchu pansi pa mng'oma, ana a njuchi ataphwanyikira momwemo. Zikafika apo njuchi sizimvanso utsi. Mwana wanga amene ankandigwirira chofukizira anatupa nkhope mpaka maso kutsekeka, ndipo mayi ake nkhaniyi amaikumbutsabe. Mipata ya pakati pa timatabwa ndiyo inasanduka khomo la linthumbu, mng'oma umodzi njuchi zinasamukamo.

Nditamuimbira kalipentalayo, poyamba anati vuto ndi njuchi zanga. Kenako anati, "Bwana, bweretsani ndikonze," ngati kuti mng'oma wodzaza njuchi ungakwere minibasi. Pomaliza anavomera kucheka tatsopano, koma ndilipirenso, ati matabwa anakwera chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Ndinakachekesa kwa mnyamata wa pamsika pathu pano, ine nditaima pambali ndi tepi. Zisa zopingasa ndinazidula n'kuzimangirira ndi luzi pa timatabwa tatsopanoto, njuchi zinamata zokha.

Mukanandifunsa mu Juni ndikanati musayerekeze. Koma mu Disembala, itatha maluwa mitengo ya mombo, uchi unatuluka woyera, wopanda ana kapena phulusa, ndipo wogula sananenerere mtengo. Phula nalonso ndinagulitsa. Ndikawerengera, mbuzi imodzi yabwerera, inayo idakali m'nkhalango.

Ndiye alamu, mng'omawo gulani, koma pitani ndi tepi, yezani kathabwa kalikonse, ndipo mupereke theka la ndalama, linalo mukaona kuti matabwa ndi ouma. Kalipentala wanga uja sindikutumizaniko. Dzana wandilembera pa WhatsApp kuti ali ndi ming'oma ina yotsika mtengo, koma ya timatabwa tija sanabweze ngakhale tambala.