Google Forms ndi KoboToolbox: Kusonkhanitsa ndi Kuunika Mayankho a pa Fomu

Bungwe laling'ono la mu Lilongwe likafuna kulembetsa anthu kapena kumva maganizo awo kudzera pa fomu ya pa intaneti, kawirikawiri limasankha pakati pa Google Forms ndi KoboToolbox, ndipo kusiyana kwake kumaoneka mayankho akayamba kufika.

Google Forms siivuta kukonza. Ikalumikizidwa ndi Google Sheets, pulogalamu ya Google yosanja zinthu m'mizere ngati Excel, yankho lililonse limalowa pamzere wakewake pamodzi ndi tsiku ndi nthawi imene latumizidwa, moti mlembi ali mu ofesi ku Area 47 amaona chiwerengero chikukwera pomwepo. Polembetsa anthu a m'tauni ku msonkhano, ine ndingasankhe imeneyi. Koma popanda intaneti fomuyo siitumizika, choncho wofunsa mafunso amene bandulo yamuthera ali m'midzi ya ku Mitundu amangobwerera ku pepala ndi cholembera.

KoboToolbox inapangidwira ntchito yotereyi. Pulogalamu yake ya KoboCollect ya pa foni za Android imasunga mayankho, zithunzi ndi malo a GPS m'foni momwemo, n'kudzazitumiza netiweki ikapezeka. Kukonza fomu yake kumafuna kufatsa, makamaka poika malamulo okana yankho losayenera, monga zaka 250 za kubadwa kapena nambala ya foni yoperewera, koma amene adzaunike mayankhowo mu Excel sadzataya tsiku lonse akukonza zolakwika.

Njira zonse ziwirizi zimasunga mayina ndi manambala a anthu, zomwe zimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ndiyo imayang'anira.