Ulendo wapansi woona nyumba zakale pa boma la Mangochi

Anthu ambiri amene amafika ku Mangochi amangodutsa pa boma polunjika ku malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, osadziwa kuti kadera kakang'ono koyandikana ndi mlatho wa Bakili Muluzi kasunga mbiri yoposa ya matauni ena aakulu m'dziko muno. Ndemanga ino ikukhudza ntchito ya wotsogolera alendo wina wa m'tauniyi, amene amayenda ndi anthu wapansi kuchokera pa nsanja ya wotchi mpaka ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, uku akufotokoza chiyambi cha zimene mukuziona. Mtengo mumagwirizana musananyamuke, ndipo mtunda wake ndi waufupi moti ngakhale achikulire akhoza kuukwanitsa, bola kuyamba m'mawa, pakuti dzuwa la kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala limaotcha msanga.

Chimene bamboyu amachita bwino kwambiri ndi kuphunzitsa mlendo kuyang'ana nyumba yeniyeniyo asanathamangire zimene zili m'kati. Nyumba ya miyuziyamu sinamangidwe kuti izisunga zinthu zakale ayi. Inali kalabu ya azungu yotchedwa Gymkhana Club, kumene akuluakulu a boma la atsamunda ndi oyendetsa sitima za pa nyanja ankakumana kudzamwa ndi kusangalala pa nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo inasanduka miyuziyamu m'chaka cha 1971. Iye amaimika gulu panja kaye n'kulikumbutsa kuti agogo a anthu amene akuloŵa momasuka lerowa ankafika pa malo otere ngati ophika, operekera zakumwa ndi osesa, osati ngati alendo olandiridwa. Mfundo imeneyi imasintha mmene munthu amaonera zonse za m'katimo, kuyambira zida za asodzi ndi ziŵiya za anthu a m'mbali mwa nyanja mpaka zinthu zokhudza sitima zakale. Ine ndikuona kuti gawo limeneli lokha ndi lokwanira kulipirira ulendo wonse.

Pa nsanja ya wotchi, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901, m'pamene wotsogolerayu amamasuka kwenikweni. Pafupi ndi nsanjayo pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera m'sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Kaputeni Rhoades anatenga sitimayi n'kupita ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo anapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa mtunda ikukonzedwa, n'kuiwombera. Nkhani imanena kuti Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades ndipo anali asanamve kuti nkhondo yayamba, anapalasa bwato n'kudzafunsa mwaukali ngati mnzakeyo waledzera. Bamboyu amaikamba nkhaniyi mwaluso, ana amaseka, akuluakulu amajambula zithunzi, ndipo sindikukana kuti ndi yokoma kumva.

Vuto ndi loti nkhani ya akaputeni aŵiriwa imadya nthawi yochuluka, mwakuti zinthu zolemera kuposa iyo zimangotchulidwa mothamanga. Pa malo omwewo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 chakumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Florence Bay, itakumana ndi mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Palibe ngozi ina ya pa nyanja ya Malaŵi imene imakumbukiridwa ngati imeneyi, ndipo ambiri mwa amene anafa anali anthu athu omwe, apaulendo wamba. Komabe pa ulendowu chikumbutsocho chimalandira ziganizo ziŵiri kapena zitatu basi, gulu n'kupitirira. Zimenezi zinandiŵaŵa, chifukwa wokhala m'mbali mwa nyanja aliyense amadziwa mmene mwera umasinthira madzi, ndipo mpaka lero mabanja a ku Makanjira, ku Malindi ndi ku Monkey Bay amadalira maboti ndi mabwato pa ulendo ndi pa usodzi. Nkhani ya Vipya ikanayenera kukhala pakati pa ulendowu, alendo n'kupatsidwa mpata woŵerenga zolembedwazo mosathamangitsidwa.

Chimodzimodzinso ndi funso loti tauniyi inakhalapo chifukwa chiyani. Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda la Angerezi pa nthawiyo, anakhazikitsa linga loyamba mu 1891 moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, pamene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja kuloŵera ku Malombe, chifukwa pamenepa panali podutsira magulu a amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere. Anagwiritsa ntchito asilikali a Chisikhi ochokera ku India, ndipo mkulu wawo, Kaputeni Cecil Maguire, anaphedwa kumapeto kwa chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Mfumu Makanjira. Wotsogolerayu zonsezi amazidziwa, ndipo mukamufunsa amayankha bwino, mosabisa kuti mafumu ena a kuno analemera ndi malonda a anthu, komanso mosabisa kuti Angerezi pothetsa malondawo anatenganso ulamuliro wa dziko n'kuyamba kukhometsa msonkho. Chomvetsa chisoni n'chakuti amadikira kufunsidwa, mwina poganiza kuti alendo safuna nkhani zoŵaŵa ali pa tchuthi. Pamenepa akudzichepetsa yekha ndipo akuchepetsanso omvera ake.

Pa nkhani ya chilankhulo palibe chodandaula. Amalankhula Chicheŵa chomveka, amasinthira ku Chiyao akaona kuti m'gulumo muli achikulire a konkuno, ndipo Chingerezi chake ndi chokwanira kwa alendo akunja. Amasunga nthawi, amalemekeza aliyense, ndipo sakakamiza munthu kugula ziboliboli kapena kuwonjezera ndalama pamapeto. Amathandizanso kupeza kabaza wopita ku msika kapena ku depoti ulendo ukatha.

Aphunzitsi amene akufuna kubwera ndi ana a sukulu ndikuwalimbikitsa kuti atero, koma agwirizane naye pasadakhale kuti ulendo uyambire m'mphepete mwa Shire ndi nkhani ya Mponda ndi Makanjira, kenaka Vipya, ndipo mzinga wa Guendolen ubwere pambuyo. Afunsenso ngati ndalama yoloŵera ku miyuziyamu ili m'kati mwa mtengo umene agwirizana, ndipo ana atenge madzi akumwa.