Twelve Angry Men: ya pa TV ya 1954 kapena filimu ya 1957?

Anzanga okonda mafilimu akale, ambiri a inu mukamva dzina ili mumakumbuka Henry Fonda atavala suti yoyera. Koma nkhaniyi sinayambire ku sinema. Reginald Rose anailembera wailesi yakanema, ndipo inaulutsidwa pompopompo pa CBS mu pulogalamu ya Studio One pa 20 September 1954. Ndaonera zonse ziwiri kangapo, ndiye ndati ndikuuzeni poyambira.

Nkhani ndi imodzi. Mnyamata wa ku New York akuimbidwa mlandu wobaya bambo ake ndi mpeni. Amuna 12 a jury, anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, atsekeredwa m'chipinda kuti agwirizane chimodzi, ndipo akati ndi wolakwa, ulendo ndi wa ku mpando wamagetsi. Pakuvota koyamba 11 akuti wolakwa. Mmodzi yekha, nambala 8, akuti moyo wa munthu sitingautaye tisanakambirane.

Ya 1954, yomwe anaitsogolera Franklin Schaffner, ndi yosakwana ola limodzi mukachotsa malonda. Nthawi yochepayi imaoneka. Anthu amasintha maganizo mofulumira, ndipo ena mwa amuna 12 aja sewero limatha musanawadziwe bwino. Chithunzi nachonso ndi chambuu, chifukwa chomwe chinatsala ndi kinescope, kutanthauza kuti anangoloza kamera ya filimu pa sikirini pamene seweroli limaulutsidwa. Kwa zaka zambiri theka lake lokha ndi lomwe limapezeka, mpaka kope yathunthu inatulukira mu 2003.

Komabe ili ndi chinthu chomwe filimu ilibe. Panalibe zoti dulani tibwereze. Wosewera akaphonya mawu, Amereka yense wamva, ndipo ayenera kupitiriza basi. Robert Cummings, yemwe ndi nambala 8, amaoneka ngati munthu amene iye mwini sakudziwa ngati akulondola. Amazengereza, mawu amamugwira pakhosi. Ine zimenezi zinandikhudza kwambiri, chifukwa munthu wokana kuti mnzake aphedwe pamene chipinda chonse chagwirizana kale, sayankhula momasuka. Mantha a osewerawo oti cholakwika sichikonzedwanso amalowa mu nkhani ya chilango chomwenso sichibwezedwa. Cummings, Rose ndi Schaffner onse analandira mphotho za Emmy pa seweroli.

Filimu ya 1957 ndi ya mphindi 96, ndipo inali yoyamba ya Sidney Lumet, amene nayenso anachokera ku masewero apompopompo a pa TV. Apa nkhani imapuma bwino. Mumaona nkhope ya mnyamatayo poyambirira, maso ali tong'o, osayankhula kanthu. Kunja kukutentha, fani sikuzungulira, malaya anyowa ndi thukuta. Lumet ndi wojambula wake Boris Kaufman ankasintha magalasi a kamera ndi kuitsitsa pang'onopang'ono, moti pofika kumapeto makoma amakhala ngati akukupanikizani. Taonani pamene Fonda, yemwe ndi nambala 8, akukoka mwendo kuyesezera kuyenda kwa nkhalamba yomwe inachitira umboni kuti inafika pakhomo m'masekondi 15, wotchi n'kuonetsa 41. Kapena Lee J. Cobb, nambala 3, akung'amba chithunzi cha mwana wake, kenako n'kugwetsa mutu akulira. Pamenepo mumazindikira kuti tsiku lonse bamboyu amafuna kulanga mwana wake yemwe, osati woimbidwa mlandu.

Chokhacho chomwe ndimadandaula n'choti Fonda ndi wodekha kwambiri. Ukangomuona umadziwiratu kuti apambana, choncho mtima sugunda ngati mmene umachitira ndi Cummings.

Mawu omwe sandichoka m'mutu ndi a woweruza koyambirira kwa filimu, pamene akuuza jury kuti akapeza mnyamatayo wolakwa, chilango ndi imfa basi ndipo khoti silimva pempho la chifundo. Kwathu kuno lamulo linali lotero pa mlandu wakupha mpaka 2007, pamene High Court inagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti kukakamiza chilango cha imfa n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chilangocho chikadali m'mabuku athu ngakhale palibe wanyongedwa chichokereni 1992, pomwe anzathu a ku Zambia anachichotsa mu December 2022.

Ngati simunaonepo iliyonse, yambani ndi ya 1957. Imamveka bwino, ndipo mungathe kuonera ndi banja popanda wina kudandaula za chithunzi. Mukatero funani ya 1954, yomwe a kampani ya Criterion anaiphatikiza pa DVD yawo ya filimuyi. Mukamaonera yang'anitsitsani Joseph Sweeney, nkhalamba ya nambala 9, ndi George Voskovec, nambala 11. Awiriwa ali mu zonse ziwiri pa mbali zomwezo, ndipo pa iwo ndi pamene mungaone bwino kusiyana kwa munthu amene ali ndi mpata wobwereza ndi amene alibe.